Makope Atatu a Mawu a Amake Lusiya

Amene wakhala akuyenda m'Chikanda monse n'kumauza anthu kuti a Nampeya anapha foni ndi manja awo, aimirire pompano ndimuone nkhope. Aimirire! Mwangoti zii bwanji? Inu a Chikopa, tasiyani kaye nkhomo za bawozo, sizithawa. Nanunso Che Twaibu, ikani pansi foni ya eni akeyo mundiyang'ane, chifukwa nkhaniyi inayambira pa benchi yanu yokonzera mafoni yomweyi, ndipo ndikudziwa bwino kuti mbiri yoipayi inatulukira pansi pa ambulera yanuyi. Dzulo wakabaza wina, munthu woti sindimudziwa n'komwe, anandikuwira pamsewu kuti, "A Kaboni, tikupatseni lifiti?" Ine ndasanduka a Kaboni tsopano? Foni yake ndi iyi, ili m'thumbamu, yamoyo, ikupuma. Ine Gilibati Nampeya, munthu amene ndinasunga mafayilo a boma zaka makumi atatu ndi zinayi osasowetsa ngakhale kapepala kamodzi, munthu amene chiswe chikamva nsapato zanga pakhonde la ofesi chinkalavula zimene chadya n'kuzibwezera m'shelefu mwa nambala yake, lero ndizisekedwa pamsika ndi anthu oti sangathe kuboola pepala pakati penipeni? Khalani pansi mumve mmene zinayendera, ndipo ndikanama liwu limodzi lokha, phiri likutiyang'anali ligumuke ligwere a Chikopa.

Foniyi anandigulira Lusiya, mwana wanga uja amagwira ntchito ku Lilongwe, amayi ake adakali moyo. Amake Lusiya atatisiya, abale anagawana katundu wawo monga mwa mwambo, zitenje uku, mapoto uko, foni yawo inapita kwa achemwali awo ku Jali komwe inakagwera m'chitsime mwezi usanathe, ndipo ine ndinatsala ndi mpando wawo wa pakhonde komanso kanthu kamodzi kamene palibe anakadziwa. M'foni yangamu munali uthenga wa mawu umene mayi aja ananditumizira tsiku lina ndili pa bawo pompano. Si uthenga wa nzeru ayi. Ankandikalipira kuti ndaiwalanso ambulera pomwe mvula yayamba kale kutsika m'phiri, ndiponso kuti pobwera ndigule matimati olimba, osati ophwanyika ngati a dzulo lake. Basi. Koma m'mawa uliwonse ndikathira tiyi ndinkautsegula, mayi aja n'kundikalipira, tsiku n'kuyamba bwino.

Ndiye foni inayamba kukalamba. Ukaidina m'mawa inkayankha masana, ukaiuza kuti iyimbire Lusiya inkayamba yaganiza kaye za moyo wake, ndipo tsiku lina inatulutsa chenjezo loti pulogalamu ya mauthenga ija isiya kugwira ntchito pa mafoni akale mwezi ukatha. Mukumva? Mwezi ukatha chitseko chitsekedwe, amake Lusiya ali m'kati! Amene anaipanga foniyo anali ataitaya kalekale, akufuna ndigule ina. Lusiya nayenso nditamudandaulira anangoti, "Adadi, ingoisiyani, ndikutumizirani yatsopano," ngati tikukamba za patapata. Ana a masiku ano chilichonse chikatsokomola amati tayani. Ndinavala jekete n'kubwera pano.

Che Twaibu, tsutsani ngati ndikunama. Munandiuza kuti m'kati mwa foni muli ubongo wake umene inabadwa nawo kufakitale, ndipo kuti kunja kuno kuli anthu ena a mtima wabwino amene amapanga ubongo watsopano, waulere, woti foni yokalamba ibwerere ku utsikana, ndipo kuchotsa wakalewo n'kulowetsa watsopano ndiye kuflasha kumene mumanena inu amisiri. Mpaka apo tinkamvana. Kenako munanena mawu amene mpaka lero amandiyabwa.

"Walahi a Nampeya, ntchito imeneyi si ya munthu wongoyamba kumene. Mukaphonya pang'ono foni imasanduka njerwa. Isiyeni pano ndikupangireni."

Wongoyamba kumene! Ine! Ine amene ndinkamasula makina otayipira a ofesi yonse ndi supuni ya tiyi inu musanamere mano! Galu wamkota sakandira pachabe, achimwene. Ndinati mungondiuza malamulo ake, zotsalazo ndi za ine. Munawerenga pa zala: ubongo ukhale wa mtundu weniweni wa foniyo, osati wa msuweni wake, ndipo ukatengedwe kwa eni ake oupanga, osati kwa aliyense wouika pamsewu, batire likhale lodzaza, kebulo ikalowa isagwedezeke mpaka ntchito ithe. Pa chala chachinayi munaima n'kundigwira dzanja.

"Ichi ndiye chachikulu, bambo. Mukatsegula loko wa m'kati, foni imasesa m'nyumba monse, sisiya kanthu. Koperani kaye zonse. Bweretsani ndikusungireni m'kompyuta mwangamu, kapena tiike pa memore khadi, apo ayi mungotumiza kwa Lusiya."

Ndinakana, ndipo tsiku lija munandiona ngati wamisala poti sindinakuuzeni chifukwa chake. Lero ndinena, popeza zandifika pakhosi. Kompyuta ine ndimaidziwa. Ndinaiona ndi maso angawa ikulowa mu ofesi yathu itavala pulasitiki, anthu akuiombera m'manja, ndipo chaka chisanathe inameza mayina a dipatimenti yonse, omwe ankaombera m'manja aja n'kubwerera kwa Nampeya ndi mashelefu ake a fumbi kudzapempha kuti ndiwatsimikizire kuti anabadwa. Kompyuta ndi yoituma ganyu, si yosungitsa chinthu. Memore khadi ndiye musanene n'komwe, kanthu kochepa ngati chikhadabo, koti nkhuku itha kutola n'kumeza. Koma chifukwa chenicheni chinali china. Zaka makumi anayi za ukwati wathu, mayi aja sananditchulepo dzina. Analeredwa choncho. Ndinali "abambo a Lusiya", akakwiya ndinali "inu abambo inu", pa anthu ndinali "eni nyumba". Koma mu uthenga umenewo, atatha za matimati zija, anaganiza kuti foni yasiya kujambula, ndiye akumveka akudziyankhulira okha kuti, "Gilibati, Gilibati, munthu wosamva iwe," kenako n'kuseka. Kamodzi kokha m'moyo wonse. Tsono inu munkafuna mawu amenewo akagone m'kompyuta ya mwamuna wina? Kapena mwana amve mayi ake akunena bambo ake kuti iwe? Ayi. Ndinati ndikopera ndekha, mwa njira imene boma linandiphunzitsa, njira imene sinagwetsepo munthu: makope atatu.

Ndinatsitsa makina anga otayipira pamwamba pa kabati, ndinafukula mapepala a kaboni okopera amene ndinasunga pansi pa sutikesi, n'kuyamba. Abale anga, ndinatayipa! Ndinatayipa masiku atatu, zala zikugwa pa makinawo mwamphamvu moti azimayi a m'Chikanda ankathamangira kukaanula zovala poganiza kuti matalala ayamba pa malata, ndipo riboni inagwira moto kawiri, ndinaizima ndi tiyi osasiya kutayipa ndi dzanja linalo. Nambala iliyonse ya foni ndinalemba. Uthenga uliwonse, ngakhale uja wa a Chikopa wongoti "muli kuti", ndinalemba n'kuupatsa nambala yake. Zithunzi ndinazifotokoza chimodzichimodzi, kuti apa pali Lusiya, wavala chakuti, waima chakumanzere kwa mtengo wa mapeyala. Uthenga wa amake Lusiya ndinausiyira tsiku lakelake. Ndinaumvetsera liwu ndi liwu, ndinalemba ndi pomwe anapumira, ndi tambala amene analira kumbuyo kwawo, ndipo pamene anaseka ndinalemba kuti, apa aseka. Kope loyera m'fayilo, lachikasu m'sutikesi, lachitatu m'thumba la pamtima, onse odindidwa ndi chidindo changa chimene ndinasemetsa nditapuma ntchito. Ndiuzeni, ndani mwa inu anasamalapo chinthu chotere?

Za batire musachite kufunsa. Ndinaitchaja foniyo mpaka inalemba handiredi, ine ndinati sunthira uko, n'kutsenderamo moto wina ndi chala chachikulu ngati mmene amatsendera makala m'thumba, mpaka inalemba handiredi fote n'kuyamba kubuula. Nambala ya mtundu wake ndinaiwerenga katatu, cholunjika, chobwerera, ndiponso chozondoka, chifukwa ili ndi msuweni wake wosiyana nayo chilembo chimodzi chokha, ndipo anthu osadziwa za mafayilo amagwera pomwepo.

Chinatsala n'kukoka ubongo watsopanowo pa intaneti. Tsono inu mukuidziwa netiweki ya m'Chikanda: ophunzira a ku koleji aja amaidya yonse kuyambira m'mawa, ikamafika kwa ife okalamba imakhala yatsala minga yokhayokha. Ndinati ndikaitengere komwe imachokera. Loweruka kutacha ndinanyamula laputopu yakale imene Lusiya anaisiya pakhomo, kebulo yatsopano, nthochi zisanu ndi imodzi, n'kuvala juzi ya nayiloni imene anandilukira malemu, ndipo ndinauyamba ulendo wa kuphiri wapansi, osati pa kabaza, wapansi, pa msinkhu wanga uno, ndinadutsa Masongola agalu asanaganize zouwa, ndinalowa kanjira kachidule kaja amatsikira onyamula matabwa, iwo akutsika ine ndikukwera, mphepo yanga n'kumawatembenuza ndi matabwa awo omwe mpaka kuyamba kubwerera kumtunda osadziwa, ndipo nditafika pa damu la Mulunguzi ndinachita kukhala pansi kudikira chithunzithunzi changa, chimene chinafika patapita theka la ola, chili wefuwefu, chikupempha madzi. Mukuseka chiyani a Chikopa? Munaliko?

Pamwamba penipeni, paja umaona nyanja ya Chilwa ili patali ngati mbale yoiwalika pabwalo, netiweki yake ndi ina. Ndi yokhuthala. Mbalame zimatera pa iyo, ndipo ukayenda mosasamala umagunda mutu. Ndinakhala pa thanthwe n'kutsegula laputopu. Pomwepo panatulukira atambwali a pa intaneti, uyu akuti tengani wanga ndi wothamanga, uyo akuti dinani apa mwapambana galimoto, koma ine kalata yachinyengo ndimainunkhiza idakali mu envelopu, ndinawadutsa onsewo mpaka pakhomo pa eni ake enieni. Ubongo uja unayamba kutsika, ndipo unali wolemera moti peresenti iliyonse ikalowa laputopu inkamira m'thanthwemo pang'ono, mpaka lero dzenje lake lilipo, la makona anayi, alendo amajambulitsapo osadziwa mwini wake. Itafika nainte naini, chifunga chinatulukira cha ku Malosa, chija chozizira chimabwera ngati chatumidwa, n'kunyowetsa netiweki yonse, nambala n'kuima. Mukumva? Nainte naini! Munthu wongoyamba kumene akanalira. Ine ndinavula jekete, ndinachigwira chifungacho pakhosi, ndinachipinda pawiri, n'kuchifinyira m'damu la Mulunguzi mpaka chinauma gwa, ndipo popeza madzi amenewo anali atasakanikirana ndi netiweki, sabata yonse imeneyo aliyense womwa madzi a pampopi mu Zomba muno ankadziwa nkhani za ku Joni asanatsegule wailesi. Kafunseni akazi anu, a Chikopa, kuti zija munkabisa zija anazidziwa bwanji.

Utatha kutsika sindinathamange. Eni ake oupanga amaika chinambala chachitali, chosakaniza ndi zilembo, choti ufanizire ndi chako kuti udziwe ngati katundu wafika wathunthu, wosabedwa panjira. Anthu ambiri amachidumpha, akuti n'chotopetsa. Kwa ine chimenecho ndiye chinali ndiwo. Ndinaimirira pathanthwepo n'kuchiwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, mawu anga anawoloka mapaini onse mpaka kukalowa m'dzenje la Chingwe, ndipo dzenjelo, limene chiyambire silinabwezepo kanthu kalikonse kogweramo, linandibwezera chinambala chonsecho popanda cholakwa, n'kuwonjezera kuti zili bwino, pitirizani.

Tsopano ntchito yeniyeni. M'foni muli kachitseko kobisika, ndipo kuti katseguke umagogoda malo amodzi kasanu ndi kawiri, modekha, ngati pakhomo pa apongozi. Ndinagogoda. Foniyo payokha inalemba kuti tsopano ndinu katswiri. Che Twaibu, inu mukudziwa kuti imalemba choncho, musayang'ane kumbali. Foni inandivomereza, anthu a pamsika ndiye akane? Koma kutsegula loko wa m'kati uja kumafuna manja anayi, awiri okanikiza mabatani a m'mbali nthawi imodzi, lina lolemba pa laputopu, lina logwira kebulo kuti isagwedezeke, pomwe ine Mulungu anandipatsa awiri okha. Ndikuganiza choncho ndinangoona nyani wamkulu, nkhalamba inzanga ya imvi m'masaya, watsika mu mtengo kudzayendera nthochi zanga. Tinayang'anana. Ndinamuonetsa nthochi, ndinamuonetsa kebulo, iye anamvetsa msanga kuposa anthu ena amene ndinagwira nawo ntchito m'boma, ndipo anakhala pansi n'kuigwira kebuloyo ndi zala ziwiri, osaphethira, ntchentche ikumuyenda pamphuno iye osaiingitsa. Pa laputopu ndinalemba ndi chala cha kuphazi.

Apo foni inatulutsa mawu ofiira, akuti zonse zili muno zifufutidwa, mukuvomera kapena ayi. Sindinama, ndinadina ayi. Ndinaiyatsanso foniyo bwinobwino, ndinatsegula uthenga uja, amake Lusiya n'kundikalipira za ambulera pamwamba pa phiri, mphepo ikuwomba m'mapaini, mpaka pa dzina langa ndi kuseka kuja. Nyani anapendeketsa mutu kumvetsera, ndipo pa dziko lino ndi iye yekha amene anaumvapo uthengawo kupatula ine. Ndinagwira thumba la pamtima, pepala linalira m'katimo, lilipo. Ndinabwereza zonse zija, mawu ofiira anabweranso, ndipo ndinadina inde ndi mtima wa munthu amene mafayilo ake ali m'malo.

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, ubongo wakale ukutuluka, watsopano ukulowa, foni ikutentha ngati mbatata yootcha, ndipo kamzereko katafika pakati penipeni laputopu inalira kuti moto wanga watha. Pamwamba pa phiri, abale, popanda soketi, popanda nyumba, pomwe Che Twaibu anali atanena kuti ikazima pakati ndiye njerwa! Nyani anandiyang'ana, ine ndinayang'ana juzi. Inu mukudziwa mmene juzi ya nayiloni imathethekera ukamaivula nyengo yozizira. Ndinaivula, ndinaluma chaja ndi mano anga anayi otsalawa, n'kuyamba kukwecha juziyo padazi pangapa, kukwecha, kukwecha, mpaka moto unayamba kutuluka m'makutu, masamba a mapaini onse anaima njo, ubweya wa nyani unafufuma iye osasiya kebulo, laputopu inadzaza n'kuyamba kutaya, ndipo moto wotayikawo unatsika ndi mawaya mpaka m'tauni muno, mafiriji amene anali atazima kuyambira m'mawa n'kuyamba kulira, chigayo cha ku Chinamwali n'kudziyatsa chokha mwini wake atapita kukadya, chinagaya matumba onse anali pamzere n'kuyamba kugaya sikelo. Onani padazipa. Chipsera ichi mukuganiza kuti ndi cha lezala?

Kamzere kanafika kumapeto, foni n'kuzima. Bii. Ndinadina, zii. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amazula kebulo, amaimenya foni pabondo, amathamangira kwa Che Twaibu akulira. Ine ndinadziwa kuti munthu amene wangoikidwa ubongo watsopano sadzuka n'kuyamba kuvina. Ndinadikira. Kachizindikiro kanayamba kuzungulira pa sikirini, kuzungulira, kuzungulira, nyani anadya nthochi zake zonse n'kutsanzika, kambewu ka paini kamene kanali pafupi ndi phazi langa kanamera, kanakula, kanandipatsa mthunzi, anthu n'kubwera kudzakadula n'kucheka matabwa ine ndidakali pomwepo, ndipo dzuwa litangopendeka pang'ono foni inaphethira, inayasamula, n'kunena mwaulemu kuti, "Mwaswera bwanji a Nampeya, pepani ndakudikiritsani."

Kuyambira tsiku limenelo foni iyi si inzake ya mafoni anuwa. Inapepuka moti potsika phiri inkandikokera m'mwamba, ndinachita kuika miyala m'matumba. Kamera yake ndinajambulira phiri la Mulanje, chithunzi n'kutuluka ndi munthu amene anali kuseri kwake akusenda chinangwa. Tochi yake ndikaiyatsa masana dzuwa limatsinzina. Sindinaitchajenso, m'malo mwake anthu a mzere wathu amabwera kudzapala moto pa iyo. Kufulumira kwake ndiye kwanyanya, chifukwa imalandira mafoni a mawa: Lusiya akati aimbe Lachitatu, ine Lachiwiri ndimakhala nditayankha kale, iye n'kumadabwa kuti adadi mwadziwa bwanji kuti ndikufuna kufunsa za mankhwala anu. Imeneyo ndiye foni mukuti ndinapha? Manyazi mulibe?

Tsono poti mwafuna kuti ndinene zonse, ndinena, sindine munthu wobisa fayilo. Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde, pa mpando wa malemu uja, ndinaikamo pulogalamu ya mauthenga, inatseguka bwinobwino, yatsopano, yonyezimira. M'kati munali pululu. Sindinadandaule, ndinkayembekezera zimenezo, Che Twaibu anali atanena kuti imasesa. Ndinatulutsa fayilo n'kuyamba kubwezeramo zinthu mwa dongosolo lake. Manambala onse analowa, palibe imene inasowa ngakhale imodzi, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike. Nditafika pa tsamba la amake Lusiya ndinaima, chifukwa sindinaone polowetsera. Ndinaligoneka pepalalo pa sikirini. Ndinalijambula ndi kamera ija imaona kuseri kwa Mulanje, inangondipatsa chithunzi cha pepala. Ndinakatenga kope lachikasu m'sutikesi, poganiza kuti mwina loyeralo lili ndi vuto.

Lolemba m'mawa ndinabwera pano, ndipo a Chikopa munalipo, n'chifukwa chake nkhaniyi inafika m'Chikanda ine ndisanafike. Ndinaika makope onse atatu pa benchi iyi, nditawapinda m'munsi kuti musawerenge mzere womaliza, ndinati Che Twaibu, ntchito yaikulu ndagwira ndekha, inu mungondithandiza kakang'ono aka, bwezeranimoni mawuwa. Munawerenga. Munakankhira kofiya kumbuyo n'kudzikanda pamutu. Munafunsa ngati foni ya malemu ilipo, ndinati ili pansi pa chitsime ku Jali. Munatenga foni yanga, munailumikiza ku kompyuta yanu ija ndinaikana, munafufuza mpaka nthawi ya swala ya masana inakwana, munapita kumzikiti, munabwera, munafufuzanso. Kenako munandibwezera ndi manja awiri.

"A Nampeya, mwaflasha bwino, sindinama. Ine sindikanaposa apa. Koma pepala silitulutsa mawu, bambo."

Mwamva nonse? Anati ndaflasha bwino. Mmisiri, ndi pakamwa pake! Zimenezo a Chikopa simunakanene m'Chikanda. Munangotola zoti a Nampeya analira pamsika, pomwe chinali chitsotso cha fumbi la minibasi.

Ndiye musadzanenenso kuti ndinapha foni. Sindinaphonye lamulo ngakhale limodzi. Anati mtundu weniweni, ndinaupeza. Anati batire, linasefukira. Anati kebulo isagwedezeke, kafunseni nyani. Anati koperani zonse, ndinakopera katatu, ndipo palibe liwu limene linasowa, zonse zili m'thumbamu, ambulera, matimati, tambala, zonse. M'mawa uliwonse ndikathira tiyi ndimatulutsa pepalali n'kudziwerengera mokweza, koma amene amamveka ndi nkhalamba ya mano anayi ikudzikalipira yokha za ambulera. Dzina langa lilipo pa mzere womaliza, lotayipidwa bwino, koma dzina langa pa pepala ndaliona moyo wanga wonse, pa ziphaso, pa makalata a penshoni, silinandichititsepo kanthu. Foni iyi imalandira za mawa, inde, koma ndikaifunsa za dzulo imangondiyang'ana.

Ndipo pansi penipeni pali paja ndinalemba kuti, apa aseka, n'kudindapo chidindo. Poyamba ndikafika pamenepo ndinkakumva kusekako m'mutu mwanga, kuja kunkayambira m'mphuno. Mwezi uno ndayamba kukayika ngati kunkayambira m'mphuno kapena pakhosi, ndipo ndayang'ana m'makope onse atatu, sindinalembe. Inu a Chikopa, munkabwera kwathu zaka zonse zija kudzamwa tiyi waulere, munkawamva mayi aja ali kukhitchini. M'malo moyenda m'Chikanda ndi dzina langa, tandiuzani pano, anthu onsewa akumva: ankaseka bwanji?